Mgolo Watsopano wa ku Chigayo

Lolemba
Nkhani yandipeza ndikumwa tiyi: mgolo wolandirira ufa wabooka. Aibweretsa ndi a Nyirenda, ogayitsa athu. Mgolowo anaika ndi Esinati, mkazi wanga, ndipo mawa ukwana mwezi chimuikireni m'manda. Chigayo ankayendetsa ndi iye, ine ndili kusukulu ndi choko. Koma sindikuopa. Ndili ndi buku la mafakitale a ku Mangalande, la zithunzi. Chofunika:
chitsulo chochindikala
chachikulu
cha mateyala!

Lachiwiri
Pa Boma, kwa owotcherera zitsulo. Andionetsa migolo yodula pakati, yonga wakale uja. Ndikana mwaulemu, nditsegula tsamba 84. Mmisiri ayang'ana chithunzi, ayang'ana ine. Ali nalo bokosi lotere, loti bwana wina wa fodya analisiya. Ndalitenga. Esinati akananyadira.

Lachitatu
Lafika pa ngolo, ng'ombe zili thovu kukamwa. Pakhomo silikulowa. Latsala zala zitatu zokha! Tazula chitseko ndi felemu yomwe. A Nyirenda angoti, "Yewo, asambizgi," ndiko kuti zikomo aphunzitsi. Munthu wosachuluka mawu.

Lachinayi
Lalowa, koma latalika kuposa mlomo wotulukira ufa. Yankho ndi lapafupi: tikumbe pansi. Tsopano lakhala bwino m'dzenje. Mateyala sakuyendanso, komabe alipo. Wapampando wa chipani anabwera kudzaona makhadi a umembala, nayiwala, n'kumangosuzumira m'bokosimo.

Lachisanu
Tsiku la msika, mzere mpaka kumsewu. Oyamba a NyaJere, ndi mphale yawo yoyera. Achiwiri mgaiwa. M'ngodya zinayi za bokosi ufa ukutsalira, ndiye woyera wa achitatu watuluka wamawangamawanga. A NyaJere ndi aafupi. Pofuna kukokolola wawo analowa mutu, miyendo m'mwamba. Tawatulutsa atayera ngati namwali wa ku chinamwali. Buku silinanene kuti ku Mangalande ufa wonse ndi wa munthu mmodzi. Kuno mayi aliyense amafuna wake, mpaka kafumbi komaliza. Theka la mzere lasenza madengu kupita ku chigayo cha kutsidya.

Loweruka
Abwera anayi okha. Ndafunsa a Nyirenda chifukwa chake sanandiletse. Akuti munthu wolira saletsedwa ntchito. Kenaka andiuza zomwe sindinkadziwa: Esinati anaitana mayi wamfupi kuposa onse, namupisitsa mkono mumgolo, nadula pomwe panafika nkhwapa.
"Mbwenu aliyose wakafikanga pasi," atero, kutanthauza kuti mayi aliyense ankafika pansi pa mgolo.
Zaka zonsezi ndimadya ufa wa mumgolo umenewo. Ndatuluka panja pang'ono.
Madzulo ndapita kwa a NyaJere kukapepesa ndi kukabwereka mkono wawo. Aseka chomene. Avomera, bola ndisabwere ndi buku.

Lamulungu
Bokosi silituluka, m'dzenje lakhazikika ngati lobadwiramo. Mgolo tidula mawa, tiuika pamwamba pake. Pakadali pano ndili ndi chigayo chopanda chitseko, makasitomala anayi, ndi kachingwe ka muyeso wa mkono wa a NyaJere m'thumba la jekete.