Mtanda wa a Blasius Namakhuwa

A Blasius Namakhuwa a kwa Kalembo, olemba zikwangwani aja, sankakhulupirira chilembo chopanda mapazi. Matendawa anawatenga ku Halale, kumene ankasesa m'nyumba yosindikizira nyuzipepala. Anabwerako nkhondo itangotha, mtima wonse uli pa zilembo za pamitu ya nkhani: zonenepa, zakuda bii, chilichonse chitaponda pa timapazi take.

"Chilembo chowonda n'chanjala, aphunzitsi," ankandiuza motero, popeza ndinkaphunzitsa pasukulu ya mishoni. "Mphepo ikawomba chimagwa."

Ndinawafotokozera kangapo konse kuti utoto sugwa ndi mphepo. Ankangondimvera chisoni.

Vuto linali lakuti sankayeza thabwa. Ankayamba kumanzere molimba mtima, ndipo thabwa linkatha dzina lisanathe. Kuchepetsa zilembo ankakana; ankangokhomerera thabwa lina. Che Usumani, telala wa ku Ntaja, anapeza chikwangwani chawo chitadutsa khoma n'kukafika pasitolo ya mnzawo wogulitsa mchere.

"Achimwene, theka la dzina langa likugulitsa mchere!"

"Thokozani, Che Usumani. Mwatchuka masitolo awiri."

Atadwala kwambiri anandiitanitsa. Akazi awo, mayi Sabina, anali atakhala pambali pa mphasa.

"Pamtanda wanga mudzalembe ndinu, aphunzitsi. Dzina lonse, ndi mapazi ake. Akatekisiti amalemba tizilembo tonga nyerere. Pa tsiku lomaliza mngelo adzandidumpha."

"Mngelo ali ndi maso abwino, bambo."

"Munamuonapo?"

Basi ndinalonjeza.

Anamwalira mvula isanayambe. Ndinatenga rula, ndinayeza thabwa la mtanda, ndinagawa malo ndi pensulo, ndipo dzina lonse linakwana bwinobwino. Kenaka ndinayamba kupaka utoto, mayi Sabina ataima kumbuyo kwanga.

"Iyayi, aphunzitsi, B ameneyo sanadye. Bambo angamukane."

Ndinamunenepetsa.

"Nanga L aponda pati?"

Ndinamukulitsa phazi. Kunena zoona, S yekha ndinamuwonjezera popanda wondiuza, chifukwa pafupi ndi anzake ankaoneka wodwala. Thabwa linathera pa NAMA.

Mayi Sabina anayang'ana thabwalo, anayang'ana rula yanga, n'kuseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kathabwa kopalidwa kale, nyundo ndi misomali.

"Bambo anasiya okha. Anati mudzakafuna."

Mtandawo ulipo kumanda a kwa Kalembo. Dzanja lake lamanja ndi lalitali kuposa lamanzere, ndipo dzina limawerengeka munthu ali kumsewu. Mngelo amene adzalidumphe adzachitira dala.

Masiku ano zikwangwani za ku Balaka zimakwana pamathabwa ake, zilembo zake zowonda ndi zaulemu, ndipo palibe amene amaima kuti azikangana nazo. Ndikudziwa bwino lomwe kuti utoto sugwa. Komabe mphepo ya mwera ikawomba, ndimapezeka ndikuziyang'ana.