Belo Lomwe Linaphulika ku Ligowe

Amene akuona ngati ndinama anyamuke pompano, akakhale uko kwa ogulitsa tomato, chifukwa ine Dausi sindicheza ndi anthu opinda milomo. Ndakuonani kale mukutsinana, inu anyamata a kaunjika wa masiku ano. Mumati belo mumalidziwa? Timabelo tanu tonyamula pa njinga yamoto, mukatsegula mwangokhala makabudula ong'ambika ndi sokosi yopanda inzake? Ikani mafoni m'matumba ndikuuzeni za belo lenileni, lomwe linatsala pang'ono kundithetsera banja.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, yolowa mumsika utayamba waonetsa khadi, nthawi yomwe mayi akavala thalauza kapena siketi yoonetsa maondo ankakagona kupolisi. Ine ndi akazi anga a Nangozo tinkagulitsa kaunjika kuyambira ku Ligowe mpaka kumsasa wa othawa nkhondo ku Luwani, wapansi, mitolo ili pamutu, ine patsogolo ndikukuwa, iwo pambuyo akukweza mitengo yomwe ine ndatsitsa. Kwathu ndi ku Matope, ku Ligowe ndinali mkamwini chabe. Ana tinali titabereka kale, koma ukwati wathu unali usanadalitsidwe kutchalitchi, ndipo a Nangozo anali atatopa kukhala benchi yakumbuyo anzawo akudya mgonero. Anakaonana ndi abusa okha, anasankha Loweruka lawo, malume awo a Filimoni, omwe anali ankhoswe athu, anagula mbuzi. Chinatsala ndi diresi basi.

Ndiye sabata yomweyo kunabwera belo lochokera ku Limbe. Kukula kwake ngati mbuzi yogona, koma azungu kwawoko analipanikiza ndi makina dzinja lonse, anathiramo zovala za tauni yathunthu, moti lole yomwe inalinyamula inaphulika matayala onse itangowoloka Lisungwi, dalaivala anakhala pansi n'kumalira, ine n'kulisenza ndekha pamutu kukwera nalo mapiri onse aja, mapazi akulowa m'thanthwe ngati m'matope, ndipo maenje ake alipo mpaka lero, amayi amachapiramo. Mukumva? Nditalitula pakhonde, khonde linatsika. Pakona pena chiguduli chinali chitang'ambika pang'ono, ndipo panatulukira kansalu koyera kamaluwamaluwa. A Nangozo anakasisita ndi chala, maso awo anasintha.

"Ili ndi diresi langa la Loweruka," anatero. "Ili lokha simugulitsa, a Dausi. Ngakhale abwere bwanamkubwa."

Tsono pa ntchito yathuyi pali lamulo lomwe inu simulidziwa. Belo silitsegulidwa ndi munthu mmodzi. Wina amakhala pamwamba kulipsinja, wina n'kumadula mawaya kuyambira m'mbali, wapakati pomaliza, kuti belo lipume pang'onopang'ono. Wokhala pamwamba nthawi zonse anali a Nangozo, chifukwa Mulungu anawadalitsa ndi thupi. Koma m'mawa wa Lachinayi iwo anapita kuchigayo kukagayitsa chimera cha thobwa la paukwati, ananditsinanso khutu kuti ndidikire. Kudikira! Ine mtima wanga mawu amenewo sunawamvepo. Ndinakhala pansi, ndinaimirira, ndinazungulira nyumba, ndinasesa pabwalo posesa kale, ndinabwerera, fungo lija la kaunjika likundikoka mphuno ngati nyama yowotcha, zala zikuyabwa. Ndinati ndingosuzumira. Ndinatenga kankhwangwa, ndipo poti mawaya a m'mbali anali ambiri, ndinati ndidule wapakati zithe msanga.

Phuuu! Abale anga, kulira kwake kunamveka ku Mwanza, ndipo kutsidya ku Mozambiki asilikali a mbali zonse ziwiri anasiya kumenyana tsiku limenelo poganiza kuti kwabwera mzinga watsopano. Denga linanyamuka, ine ndinapezeka ndili pa nkhokwe ya apongozi, zovala zinakwera kumwamba ngati utsi wa lupsa mpaka zinaphimba dzuwa, nkhuku zinalowa m'khola masanasana, kenako zovala zija zinayamba kugwa ngati mvula, ndipo sizinkagwa wamba ayi, zinkagwera munthu n'kumuvala. Ng'ombe zinavala majuzi. Mbuzi ya a Filimoni inapezeka ndi tayi pakhosi ngati kalaliki wa kuboma. Amayi onse a kuchigayo anagweredwa ndi mathalauza, anayamba kukwawa m'tchire ndi mantha kuti awamanga, ndipo anyamata a chipani a malaya ofiira atathamanga kuti akawagwire, iwonso anagweredwa ndi timasiketi tolekeza m'ntchafu, anangoyang'anana n'kuyamba kumangana okhaokha. Mukuseka? Kafunseni akuluakulu a ku Ligowe chifukwa chomwe chaka chimenecho palibe anagula malaya a Khirisimasi.

A Nangozo anafika ali ndi zipewa zosanjikizana pamutu, thumba la chimera lili m'manja. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anangoyang'ana kumwamba, ine ndinayang'ananso, ndipo uko, pamwamba pa zonse, diresi loyera lija linali litatambasula manja ngati munthu, mphepo ikulitengera kumunsi, ku Shire.

"Diresi lija ndi ilo, likupita kwanu ku Matope," anatero mofatsa. "Litsatireni. Mukalipeza mubwere nalo lisanafike belu la Loweruka. Mukalephera mukhale konko, bulangete lanu ndikutumizirani."

Apo ndiye ndinachita mantha, ndikunena poyera. Ng'ona sindiziopa, apolisi sindinkawaopa, koma kubwerera kwa amayi anga ndi bulangete lokha, ana anga n'kumaitana munthu wina kuti bambo, zimenezo ndiye ndinkaziopa.

Ndinatola chikhothi chomwe chinagwa pafupi, chija cha kumayiko ozizira, cholemera ngati chikopa cha njati, mabatani kuyambira pakhosi mpaka kumapazi, ndinavala, ndinaliyatsa liwiro kutsetsereka phiri, ndipo mphepo italowa kunsi chikhothi chinafufuma, mapazi anasiya kugunda pansi, ndinapalasa m'malere kawiri katatu, basi ndauluka! Ndinadutsa pamwamba pa minda ya manachesi ndikuthyola n'kumadya, makoko ndikuponya pansi, ndinadutsa pa Luwani anthu akutuluka m'zisakasa ndi mbale poyesa ndege ya chakudya, ine n'kukutumula thumba limodzi la chikhothi, munagwa masokosi okwanira msasa wonse. Pamsika wina mnyamata wa pachipata anakweza mutu n'kukuwa kuti, "Khadi!" Ndinatulutsa, ndinamuonetsa ndili m'mitambo momwemo, iye anagwedeza mutu kuti pitani. Nthawi imeneyo ngakhale mbalame zinkayenda ndi khadi, mukumva?

Diresi linali patsogolo panga, ndikalifika ilo lakwera, ndikakwera ilo latsika, ngati mkazi wokwiya. Chiombankhanga chinabwera n'kufuna kulitenga chikayalire ana ake m'chisa, ine ndinachionetsa mpango wofiira womwe unali m'thumba, ndinautamanda kuti sutuluka utoto, chinaulandira n'kundipatsa nthenga ziwiri, ndipo ndi nthenga zimenezo ndinawongolera ulendo mpaka ndinaona Shire akung'anima pansi. Koma manachesi aja anali atandikhutitsa, mimba inakula, mabatani anayamba kuthothoka limodzilimodzi, tho! tho! tho! mphepo inatuluka, ndinagwa chamutu m'madzi pafupi ndi Matope, madzi anathovokera kumtunda, asodzi anangotola nsomba m'minda ya chimanga.

Nditatulutsa mutu, ndinaliona diresi. Linali litagwera pamutu pa mvuu yaikazi, yaikulu ngati nyumba ino, ndipo mvuuyo inali italikonda, ikudziyang'ana m'madzi n'kumatembenuka uku ndi uku, ng'ona zitandanda mbali zonse ngati kwaya. Ng'ona sizinandivute. Ndinali ndi malamba m'matumba, iliyonse ikatsegula kukamwa ndinkangoimanga n'kukoka mpaka bowo lomaliza. Koma mvuu sumenyana nayo, ndipo apa m'pomwe mudziwe kuti malonda ndi pakamwa. Ndinasambira mpaka pamphuno pake, ndinawomba m'manja mwaulemu, ndinati, "Pepani mayi, si kukunyozani, koma ili silikukukhalani. Likukufinyani m'khwapa, ndiponso loyera limadetsedwa msanga ndi matope. Taonani ichi, cha munthu wa thupi lake, chofunda, cha namba wani, anavalapo ndi mzungu mmodzi yekha." Ndinavula chikhothi, ndinaiveka, ndinaikonza kolala. Inadziyang'ana, inapfuula ndi chimwemwe, diresi n'kuligwetsera m'manja mwanga. Asodzi a ku Matope amaionabe nthawi yozizira, ili ndi chikhothi changa.

Ndinatuluka m'madzi ndikuvina. Koma nditalitambasula padzuwa, kuvina kunathera m'miyendo. Nsalu za azungu zina sizifuna madzi, inu mukudziwa. Diresi linali litafupika, linali litabwerera ngati la mwana wa sukulu, loti a Nangozo akavala maondo onse pamtunda. Ndinaona m'maganizo mwanga akazi anga akutuluka m'tchalitchi, anthu akululutira, apolisi akuwadikirira pakhomo. Ndapulumuka kwa mvuu kuti ndikamangitse mkwatibwi?

Ndinamanga mpendero wake ku mlambe, mapewa ake ndinagwira ine, ndinayamba kukoka. Linatalika chikhatho chimodzi. Ndinakokanso, linafika poyenera, koma inu mukundidziwa, sindidziwa polekera, ndinati ndiwonjezere pang'ono kuti wapolisi asapeze ponena, ndinabwerera chambuyo ndikukoka, ndinadutsa pakhomo pa amayi anga akundiitana kuti ndidye kaye, ndinangoti moni amayi tidzaonana, ndinawoloka Lisungwi ndikukoka, Lachisanu lonse ndikukoka, kukwera mapiri chafutambuyo, osadya, osakhala pansi, mpaka m'mawa wa Loweruka ndinagunda ndi msana khoma la nyumba yathu ku Ligowe, kolala ili m'manja mwanga, mpendero ukadali womangidwa ku Matope! Ndinakoka kamodzi mwamphamvu, mfundo inamasuka, koma mlambe uja unapendekeka, ndipo ukapita lero ukaupeza utaweramira ku Neno. Nthawi yomweyo belu linalira.

A Nangozo anali atakhala pakhonde, atasamba, atadzola, bulangete langa litapindidwa pambali pawo. Analandira diresi, analowa m'nyumba, ndipo atatuluka ndinaiwala njala. Analowa m'tchalitchi, anafika kutsogolo kwa abusa mchira wa diresi ukuwolokabe mtsinje, mudzi wonse utaugwirira, ana a sukulu, amayi a kuchigayo aja, ngakhale anyamata a malaya ofiira. Mphete tinalibe, koma waya wapakati uja, womwe unayambitsa zonse, unali utandikulunga pamkono chiphulikireni belo, a Filimoni anaudula pawiri n'kuupinda ndi mano. Abusa atadalitsa, a Nangozo anakhala benchi yakutsogolo, misozi ikutsika, ndipo nanenso ndinalira, inde ine Dausi, ndinalira ngati mwana, ndipo amene aseke apa ndimuswa.

Tsono mukuti umboni uli kuti, diresilo tilione? Dikirani. Titangotuluka pakhomo la tchalitchi, nthungululu zili pakamwa, anamwino ena ochokera kumpoto, omwe ankagwira ntchito kuchipatala cha kwathuko, anagwira nsalu ija n'kufunsa monong'ona ngati ingapezeke ina yotere, poti mng'ono wawo akukwatiwa. Ndinaona a Nangozo akupisa dzanja m'chikwama. Anatulutsa sizasi! Anadula kumchira, anapereka. Anabwera ena, anadula. Anabwera a makatani, a nsalu za patebulo, a maneti a udzudzu, iwo akungodula, mchira ukufupika, kuchokera kumtsinje, kufika kumsewu, kufika pabwalo, ndipo pomwe mpunga ndi mbuzi ya tayi ija zinkafika pamphasa, akazi anga anali atavala chitenje chawo chakale, diresi lonse lapita, ndi kolala yomwe.

Magazi anandiwira. Ndinawakokera kuseri kwa tchalitchi. "Mayi, ine ndauluka, ndamira, ndanyengerera mvuu chifukwa cha diresi limeneli! Si inu munati ili lokha silogulitsa?"

"Ndinati inu simugulitsa," anayankha akupukuta sizasi. "Chikwatiranireni, a Dausi, ndakuonani mukuthamangira zogulitsa zokhazokha. Ndinkafuna ndione ngati mungathamangire changa. Ndaona. Tiyeni mukadye, mpunga ukuzizira."

Ndinangowatsatira kukadya, ine amene ndinagulitsa chikhothi kwa mvuu. Bulangete lija analibwezera okha pamphasa yathu yogonera, ndipo silinachokeponso.

Ndiye diresi mulibe poti mulione, koma mphete ndi iyi, gwirani, ndi waya wa belo weniweni, inzake ili pachala cha a Nangozo, awo akhala apowo akupinda majuziwo. Koma za mvuu musakawafunse. Iwo amati diresi linangokodwa mumtengo wa nachesi kumunsi kwa dimba, ndipo amati chinandigwetsera m'madzi ndi mwana wa ng'ombe wa a Filimoni. Asiyeni. Iwo anali pakhonde, amene anauluka ndine.