A Semba, Woonera Maukwati a Eni

M'chaka cha 2009, malemu Ambrosi Semba a ku Zingwangwa anaonera ukwati umodzi maulendo khumi ndi asanu ndi awiri, chikhalirecho sanaitanidweko. Ntchito yawo inali yokopera mavidiyo pa madisiki m'kashopu kawo kuseri kwa msika, ndipo lamulo lawo linali lakuti disiki isatuluke asanaionere yonse, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka perekaniperekani.

Fulashi iliyonse ankayamba aipima mavayirasi. Ngakhale ya bambo mfumu anaipima.

"Simundikhulupirira, a Semba?" anafunsa ansembewo.

"Inuyo ndimakukhulupirirani, bambo. Koma fulashi yanuyi imagona m'makompyuta ambiri."

Mu Ogasiti 2011 kunabwera Selina, amene anali atangokwatiwa kumene. Mwamuna wake Rafaeli amakwera basi ya ku Joni masana omwewo, ndipo Selina anafuna kuti apite ndi disiki ya ukwati wawo, kuti akafika kumeneko azikumbukira kuti ndi wokwatira.

"Bambo, chonde, basi inyamuka thu koloko," anachonderera Selina.

"Ukwati wanu ndi wa maola atatu, mayi. Anautalikitsa si ine."

Rafaeli, amene anabwera limodzi ndi mkazi wakeyo, anakhala pachikwama chake n'kumaonera nawo. Itafika pa malonjezo penipeni, vidiyo inauma osayendanso, Rafaeli wa pakanemayo ali kukamwa yasa.

"Mwaona? Apa simunavomere," anatero a Semba. Anataya disikiyo, nakopera ina, nayambiranso pa pemphero lotsegulira.

"Tangoithamangitsani ifike pomwe paja, madala!" anakuwa Rafaeli.

"Kutchalitchi munathamangitsa?"

Basi inapita. Rafaeli anadzionera yekha akulonjeza pamaso pa mpingo, Selina ali pambali pake akugwedeza mutu. Ulendo unasunthira sabata yotsatira, kenako mwezi wotsatira. Lero amawotcherera zitsulo ku Naperi, ndipo ali ndi ana atatu.

A Semba anamwalira mu Meyi 2016. Kuseri kwa msika sikumvekanso nthungululu za ukwati Lachiwiri m'mawa, ndipo amayi ogulitsa tomato pafupipo, amene ankadandaula za phokosolo, akuti tsiku likuchedwa kutha.

Vidiyo ya maliro a bambo Semba inakoperedwa kwina, mwachangu, popanda woionera. Selina anatengako disiki imodzi. Imauma pamene bokosi lafika pakhomo, lisanatuluke m'nyumba. Ya ukwati ija imayendabe mpaka kumapeto.