Mahatchi a Obadiah Thwaite

A Obadiah Thwaite ankadziwika ndi kusamala mahatchi amene kunalibe. Eni nyumba yaikulu ya ku Skelderby anagulitsa otsiriza galimoto zitabwera, koma m'mawa uliwonse mkuluyu ankalowa pachipata cha miyala, kunsi kwa wotchi yakufa, n'kumangirira chingwe pamphete iliyonse yachitsulo ya m'khoma la khola, akuitana mayina.

Tsiku lina abusa atabwera kudzawazonda, a Obadiah anawakoka ndi jekete.

"Kumbuyo kwa Duchess osadutsa mwakachetechete, abusa! Amaponya mateche, ngakhale Lamulungu."

"Palibe kanthu apa, Obadiah."

"Anateronso amene munalowa m'malo mwawo aja. Ankayenda bwanji?"

"Motsimphina."

"Eya."

Kenaka kunabwera mwini watsopano, Mayi Pennock, amene anafuna kusandutsa kholalo malo omwera tiyi. Ntchito anapatsa Seth Garbutt, kalipentala wa m'mudzi.

"Matabwa olekanitsa zipindawo gwetsa, mwanawe," anatero a Obadiah, "koma mphetezo usiye. Ndiziwamangirira pati?"

"Mphepo samangirira, madala. Pitani mukamwe mowa, ndilipira ndine."

Seth anazula zonse n'kuponya m'thumba. Mkulu uja anaima pakhomo, zingwe zili m'manja. Anamwalira tiyi woyamba asanathiridwe.

Malowo anakongola ndithu. Koma matebulo ankapezeka atakankhidwira kukhoma, ndipo atsikana operekera tiyi anayamba kuyenda mokhotakhota pakati poyera, osadziwa chimene akulambalala. Shuga, amene mahatchi amamukonda kwambiri, ankatha ngati kuli ukwati.

Mayi Pennock anaitananso Seth kuti akonze mwendo wa tebulo umene unathyoka wokha. Anali masana, dzuwa likulowa pamawindo aatali. Atagwada, anamva fungo la udzu wouma. Kenaka mpweya wofunda unamuuzira m'khosi, pang'onopang'ono, kuchokera pamwamba pomwe sipafika mutu wa munthu.

Sanacheuke. Anapita kwawo kukatenga thumba lija.

"Zitsulo zadzimbirizo n'zachiyani, Seth?" anafunsa Mayi Pennock.

"Zokongoletsa, mayi. Alendo amakonda zakale."

Anazikhomerera zonse, iliyonse pabowo pake. Atamaliza anaima pakati pa matebulo, chipewa m'manja, n'kuyesa kuitana mayina a mahatchi aja. Anakumbukira Duchess yekha. Ena onse mayina awo anapita nawo kumanda a Obadiah.

Masiku ano ku Skelderby anthu amamwa tiyi mofulumira, msana ali kukhoma. Mphete zilipo. Womangirira ndiye palibe.