Amene Anasiya Databesi Yotsegula

Ine ndinalapa, bodza ndinalisiya kutchalitchi, ndiye amene akukayika atuluke pano asanandichimwitse. Cholakwa changa n'chimodzi: ndinanamizira wosalakwa. Koma imvani kaye mmene zinayambira.

Nthawi imeneyo ndinali wosunga katundu pa kabungwe ka alimi a mbatatesi ku Mtiya. Mayina a alimi onse ankakhala mu databesi imodzi, imene tonse tinkaitsegula pa makompyuta athu. Ndiye inatupa. Inatupa mpaka kompyuta yaikulu inathyola miyendo ya tebulo, ndipo ukadina dzina la mlimi unkatha kupita ku Songani wapansi, kugula usipa, kudwala malungo, kuchira, n'kubwerera dzinalo lisanatuluke. Mukumva?

Mayi Nachuma, oyang'anira makompyuta, anati mankhwala ake n'kuifinya ndi kuikonza. Anayamba aikopera pambali kuopa ngozi, n'kuuza aliyense kuti atseke. Tonse tinalumbira kuti tatseka. Atadina, kompyuta inakana, akuti wina akadali mkati. Anadinanso, inachita kutsonya. Kafayilo ka loko, kamene kamaoneka munthu akatsegula, kanali kakakamira pompo ngati nkhupakupa.

Panja alimi akudikira mbewu, mvula ikununkhira kale. Abwana anati, "Mayi, wotsegulayo akapezeka achoka ntchito. Akapanda kupezeka muchoka ndinu."

Ndinavula jekete. Ndinagwira chingwe cha netiweki n'kuyamba kuchitsatira, chinandidutsitsa pansi pa msika, n'kukatulukira ku Masongola kumene chinali chitakulunga mtengo wa mapeyala, kenako chinakwera phiri, ine pambuyo, nkhungu yake yolimba moti ndinkaidula ndi chikwanje n'kumaponda zidutswazo ngati masitepe, anyani akundiombera m'manja, ogulitsa mabulosi akundiponyera zipatso m'kamwa ndili paliwiro. Pamwamba penipeni chingwe chinalowa m'phanga. Ndinakoka. Nacho chinakoka. Ndinakokanso mwamphamvu moti phiri linasendera kufupi ndi tauni, n'chifukwa chake masiku ano dzuwa limabisala msanga ku Zomba. Chimene chinatuluka si chingwe ayi, ndi mchira wa nyalugwe, mwiniwake ali kumapeto. Mukumva? Tinayang'anana. Ndinamufunsa ngati watseka databesi. Anangondionetsa mano.

Ndinatsika nditakwera mtambo wa mvula, n'kugwera pakhomo pa chipinda changa chosungiramo katundu. Apo ndinaona kuti chingwe chija, chitazungulira dziko lonselo, chikuthera pakona, pansi pa kansalu koluka kamene akazi anga anandipatsa kuti chinyezi chisamalowe m'kompyuta. Ine ndikamaweruka ndinkaifunditsa ngati mwana, ndipo kwa ine kufunditsa kunali kutseka. Nditavundukula, databesi ili kukamwa yasa, yotsegula kuyambira nthawi yokolola.

Ndinaitseka mwakachetechete, kansalu m'thumba. Uko ku ofesi kunamveka nthungululu: loko wachoka, databesi yafinyika mpaka kukwana m'bokosi la machesi, alimi ayamba kulandira mbewu.

Nditalowa mu ofesi, abwana anati, "A Likoswe, mwam'peza? Ndani?"

"Nyalugwe wa kuphiri, bwana. Ndamuuza kuti mawa asabwerenso kuntchito."

Mayi Nachuma anayang'ana kansonga ka nsalu kakusuzumira m'thumba mwanga. "Nyalugwe wake ali ndi mkazi wodziwa kuluka," anatero. Palibe anachoka ntchito.

Mayiwo ndinawagulira mabulosi dengu lonse, nkhani inatha. Koma wa m'phanga uja ankandilemera mumtima. Chaka chimene ndinalapa ndinakweranso phiri, chipewa kumanja, n'kuima pakhomo pake. Ndinalankhula mokweza, anyani ndi mboni:

"Achimwene, ndinakukokani mchira pamaso pa ana anu, ndinakuchotsani ntchito imene simunalembedwe n'komwe. Wotsegula ndinali ine. Pepani."