Kamwanapiye ka a Wapampando

M'mudzi wina, umene sitiutchula dzina poti eni ake amawerenga nyuzipepala, munali sukulu ya pulayimale imene idachita mwayi. Bungwe lina la kutawuni lidaipatsa matabuleti khumi ndi awiri, tabuleti imodzi mwana mmodzi, kuti ana aulumali aziphunzirira kudzera m'masewera.

Amene adasangalala kuposa onse anali Mayi Elube Kachingwe, mphunzitsi wa anawo. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi adakhala akuphunzitsa masamu ndi zitsekerero za mabotolo pansi pa mtengo wa mango, ndipo tsiku limenelo adaganiza kuti mavuto atha. Mayi Kachingwe anali munthu wabwino, koma anali asanawadziwe bwino anthu akwawo.

Galimoto ya bungwe isanafike n'komwe pamsewu waukulu, mudzi unali utasankha kale komiti. Pakuti chinthu chamtengo wapatali chotere sungangochisiya m'manja mwa ana. Bambo Chimbalanga, amene kale anali kalaliki pamsika wa fodya, adadzozedwa kukhala Wapampando Wamuyaya wa Komiti Yaikulu Yoona za Chitetezo, Ulemu ndi Ukhondo wa Zipangizo za Ana Athu Okondedwa.

Chigamulo choyamba chinali chakuti pulasitiki ya pamatabuleti isachotsedwe, monga momwe mabanja aulemu amachitira ndi mipando yatsopano ya pabalaza. Chachiwiri, matabuletiwo asungidwe mu ofesi ya masitepe asanu ndi awiri, kuopa chinyontho. Lonjezo, mwana woyenda panjinga ya aulumali, adauzidwa kuti ali ndi ufulu wonse wowakonda ali pansi pomwepo.

"A Wapampando, nanga ana ayamba liti?" adafunsa Mayi Kachingwe.

"Aphunzitsi, mukufulumira," adayankha Bambo Chimbalanga. "Ana amenewa ali kale ndi mavuto. Tiwawonjezere ena? Zinthu izi ndiyambe ndaziyesa ine, ndione ngati zilibe ngozi."

Motero bambo wodziperekayo adayamba ntchito yoyesa. Masana alionse, atavala jekete, ankakhala pafupi ndi zenera la ofesi ndi tabuleti imodzi. Inali yolembedwa dzina la Sungeni, mtsikana wosamva wa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo adaisankha poganiza kuti mwini wake sangadandaule mokweza.

Sewero lake linali losavuta. Kamwanapiye kakufuna kuwoloka mtsinje, ndipo wosewera ayale miyala yokhala ndi manambala, kuyambira wamng'ono kufika wamkulu. Akalakwitsa, kamwanapiye kamagwera m'madzi, phava! Bambo Chimbalanga adadutsa gawo loyamba ndi lachiwiri, poti kumeneko tabuleti inkaloza yokha mwala woyenera. Pagawo lachitatu idasiya kuloza, ndipo mpamene mwambo udalowererapo. Iwo ankayamba ndi mwala wa nambala yaikulu.

"Ndikuona ngati mwina mukanayamba ndi wamng'onowo," adatero Mayi Kachingwe tsiku lina.

"Wamng'ono atsogole akuluakulu alipo?" adadabwa a Wapampando. "Kuti? Ngakhale pamaliro, amayamba kulankhula ndani? Chipangizochi n'chamwano, n'chifukwa chake sindinachipereke kwa ana."

Kamwanapiye kadamira miyezi isanu ndi iwiri.

Nthawi yonseyi Mayi Kachingwe mtima unkawawawa, makamaka chifukwa cha Sungeni. Malume ake a mwanayo, Bambo Mdala, anali atanena kale poyera kuti alendo a bungwe akadzabwera n'kupeza kuti mwanayo palibe chikulowa m'mutu, basi, sukulu yathera pomwepo, azikapirikitsa anyani kumunda. Ndipo Sungeni anali ndi chizolowezi chimene komiti inkati n'kusowa khalidwe. Anzake akaweruka, iye ankakwera pa njerwa kuseri kwa ofesi n'kumasuzumira pazenera, maso ali pa tabuleti. M'mawa ankajambula mtsinje pamchenga, kuyala zitsekerero za mabotolo, kenako n'kutsanzira ndi manja munthu wa mimba yaikulu akumira. Mayi Kachingwe ankamukalipira ndi manja, koma ankayamba atembenuka kaye kuti mwanayo asaone kuti akuseka.

Tsiku la alendo lidafika. Kunali kwaya, kunali ndakatulo, ndipo ana aulumali adawakhazika kutsogolo kuti azioneka bwino pazithunzi. Bambo Chimbalanga adalankhula ola lathunthu, kenako adavundukula nsalu patebulo.

"Mayi mlendo wathu wolemekezeka, onani nokha! Zili monga mudazisiyira. Ngakhale kachala ka mwana sikadakhudzepo."

Mlendoyo, Mayi Zione Kalua, sadaombe m'manja. Adayatsa matabuleti imodzi imodzi, nkhope ikugwa. Khumi ndi imodzi inalibe chilichonse. Atafika pa yomaliza adaiyang'anitsitsa.

"Koma iyi yagwira ntchito," adatero. "Sungeni ndi uti? Pepani kwambiri, makolo. Mwanayu wayesa gawo lachitatu maulendo mazana anayi, osadutsa ngakhale kamodzi. Chiyambireni ntchitoyi sindinaonepo vuto lalikulu chonchi."

Bambo Mdala adagwedeza mutu ngati munthu amene wapambana mlandu. "Ndimanena ine," adatero, akuimirira kuti amutenge mwanayo. A Wapampando adapeza chinthu chochititsa chidwi kwambiri pansonga ya nsapato yawo.

Mayi Kachingwe adachita mantha, tisabise. Komiti yomweyo ndiyo inkagawa nyumba za aphunzitsi. Koma ataona Sungeni akuyang'ana nkhope za anthu, osadziwa kuti akumugamula, mantha aja adasanduka mkwiyo.

"Mayi, ndapota nanu, mpatseni ayese pamaso panu," adatero kwa mlendoyo.

"Pulasitikiyo asamale!" adakuwa a Wapampando.

Sungeni adalandira tabuleti yake koyamba. Adapukuta manja padiresi, n'kuyamba ndi mwala wamng'ono. Kamwanapiye kadawoloka. Kadawolokanso gawo lachinayi, lachisanu, mpaka lachikhumi, ndipo kumeneko kadavina. Anthu adaimirira, amayi adalulutira, ndipo Bambo Mdala adamveka akuuza oyandikana nawo kuti nzeru zimenezi n'zakwawo kwa mayi ake, kutanthauza iwowo.

"Waphunzira kuti zimenezi?" adafunsa Mayi Kalua.

Mayi Kachingwe adamufunsa ndi manja, mwanayo n'kuyankha, ndipo iwo adamasulira mawu ndi mawu, mosaonjezera kanthu. "Akuti ankaonera pazenera. Akuti ankangoona zimene winayo akuchita, iye n'kumachita zosiyana nazo."

Mayi Kalua adatsegula kope lawo. "Ndiye kuti pali mwana wina amene sitinamulembe. Ameneyo ndiye akufunika thandizo mwamsanga. A Wapampando, inu mumasunga makiyi. Mwana ameneyu ndi wa ndani?"

Maso onse adatembenukira kwa a Wapampando. Bambo Chimbalanga adatsokomola, adamasula tayi, n'kunena kuti mwanayo akumudziwa, ndi wa banja laulemu, koma ndi wamanyazi.

"Manyazi amenewo ndi amene amabisitsa ana kunyumba," adatero mlendoyo. "Lolemba adzakhale kutsogolo m'kalasi. Sungeni azimuthandiza. Ndidzabwera ndekha kudzamuona."

Lolemba m'mawa matabuleti adatsika masitepe asanu ndi awiri aja, opanda pulasitiki, ndipo Lonjezo adalandira yake. Galimoto ya bungwe itaima, Mayi Kalua adapeza a Wapampando Wamuyaya atakhala pakabenchi kakutsogolo, mawondo ali m'chibwano. Adafotokoza kuti mwana uja wadwala, ndipo iwo abwera kudzamuimirira.

Sungeni adawakhalira pambali. Adawagwira chala chimene chinkathamangira kale mwala waukulu, n'kuchikokera pang'onopang'ono kwa wamng'ono.