Foni yomwe inandiulula kwa apongozi

Anzanga, mukamva kuti munthu wadzikumbira yekha dzenje, muzikumbukira ine. Ndine mphunzitsi, ndipo zaka zinayi ndinakhala pachikamwini kufupi ndi Bembeke, kwawo kwa mkazi wanga Esinati. Chaka chatha anandisamutsira kusukulu ya ku Dedza Boma. Nyumba ndinaipeza, chotsala chinali kupempha apongozi anga, a Nachisale, kuti andilole kutenga mwana wawo. Esinati anali atanenetsa kuti popanda mawu a amayi ake sasuntha phazi.

Ndiye ndinati ndiyambe ndawafewetsa mtima. Apongozi amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi tsiku lililonse, koma pofika masana amakhala akufunsa aliyense ngati amwa kale. Ine patchuthi ndinali nditaphunzira kupanga timapulogalamu ta pafoni, tija umalemba kamodzi n'kumagwira pafoni ya mtundu uliwonse ngakhale pakompyuta. Ndinapanga kosavuta: ukakatsegula kakupatsa moni ndi dzina lako, pansi pali batani lalikulu lolembedwa kuti "Ndamwa". Basi.

Vuto lake, kanali koiwala kuposa apongoziwo. Ukangokatseka, dzina lapita, tsiku lapita. Kusunga pa intaneti sikukanatheka, poti kwathuko netiweki umachita kukaisaka pachulu. Ndinawerenga mpaka ndinapeza njira yosungira tinthu ting'onoting'ono m'kati mwa foni momwemo, kadzina, katsiku, kanambala. Ndinatenga foni yakale ya Esinati, yomwe tinkafuna kuwapatsa, kuti ndiyeserepo.

Tsoka ilo, m'mawa wa tsikulo apongozi anali atandinena kuti mizere yanga ya mbatesi ndi yokhota, kenako za mbuzi yomwe ndinamanga pafupi ndi kabichi, kenako za mmene ndimatsekera chitseko. Ndiye kapulogalamu katafunsa dzina, zala zinalemba zomwe pakamwa sipangayerekeze: "Mayi Wolongolola". Pofuna kuona ngati kakusunganso manambala, ndinaika tsamba lachiwiri lofunsa kuti "Lero alongolola kangati?" n'kudina mpaka kasanu ndi kawiri. Ndinakatseka, ndinakatsegula, zonse zilipo. Ndinavina ndekha m'nyumba.

Zotsala ndinamalizira pa laputopu, pomwe kankandipatsa moni mwaulemu kuti "a Phiri". Nditatha ndinangokatumiza pafoni ija osakatsegulanso. Mutu wangawu unkati chatsopano chikalowa, zakale zimafufutika. Kodi amene anavutika sabata yonse kuti zinthu zisamafufutike si ine ndemwe? Komanso chipangizo chilichonse chimasunga zakezake, zimenezi ndinkazidziwa bwino.

Lamulungu titachoka ku Misa, banja lonse linakhala pansi pa mtengo wa mapichesi. Anabweranso atsibweni a Esinati, a Zuze, omwe ndi ankhoswe athu, kudzamva pempho langa. Ndinayamba ndi mphatso. Ndinanyadira kuti kapulogalamuka sikafuna intaneti, kamasunga zokhazo zomwe munthu walemba ndi dzanja lake, ndipo sikaiwala ngakhale foni itazima. Esinati anagwada n'kupereka foni ija kwa amayi ake. Apongozi anali atasiya magalasi m'nyumba, ndiye anapatsira achimwene awo. A Zuze anali katekisiti zaka zambiri, sadziwa kuwerenga chapansipansi.

"Mwaswera bwanji, Mayi Wolongolola," anawerenga choncho, mawu amodziamodzi.

Ine thukuta kamukamu, kuzizira konse kuja kwa mwezi wa Juni.

"Yasokonezeka, atsibweni, tabweretsani," ndinatero. Ndinakatseka, ndinakatsegula, moni yemweyo. Ndinazimitsa foni yonse, anthu akundiyang'ana, itayaka kanabwera ndi dzina lomwelo. Njira yofufutira ndimaidziwa, koma nthawi imeneyo mutu unali utaima. A Zuze anaitenganso n'kudina pakona.

"Lero alongolola kangati? Kasanu ndi kawiri." Anavula chipewa. "Akamwini, kapena izi zalowa kuchokera ku intaneti?"

Ankandiponyera chingwe mkuluyu, Mulungu awadalitse, koma ndikanachigwira bwanji nditadzitama kale pamaso pa onse? Nyumba ya ku Boma ndinaiona ikupita. Ndinagwada pafumbi n'kuvomera kuti ndinalemba ndine, ndinkangoyesa, ndalakwa.

Apongozi anafunsa, "Linali tsiku lanji?"

"Lachiwiri, amayi."

"La mbuzi lija? Ndiye munawerenga molakwa. Kwinako munali mutapita kusukulu."

Anaseka mpaka kutsokomola, a Zuze nawo misozi mbwembwembwe, Esinati atabisa nkhope m'chitenje. Atapuma anatenga foni ija, anadina "Ndamwa" n'kuiika m'thumba.

"Zaka zinayi bambo awa amangoti inde amayi, inde amayi," anauza achimwene awo. "Ndinkadabwa kuti zinazo amazisunga kuti, ndipo munthu wosamudziwa mtima sindikanam'patsa mwana wanga. Lero ndawadziwa." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mtengeni mkazi wanu. Koma dziwani, ine ndimadziletsa poti ndinu mkamwini. Uyu anaphunzira kwa ine, ndipo ku Boma kulibe womuletsa."

Ndinawomba m'manja ndili chogwada. Mayi amene uja akanatha kundibweza kwathu ndi chikwama chimodzi, anthu n'kuwavomereza, koma anasankha kuseka. Ndimawathokoza mpaka lero. Dzina lija anakana kuti ndisinthe, ndipo mankhwala sadumphitsanso.

Chiyambire tsiku limenelo, ndikamayesa kapulogalamu kalikonse ndimalemba kuti "Uje", ndipo ndinalumbira kuti sindidzayesanso ndili ndi mkwiyo. Sabata yatha Esinati anati ndimuikire kake pafoni yake. Ndamuikira, koma dzina ndamuuza kuti alembe yekha.